Full blood count ya m'malabotale a mu Lilongwe: pamene imagwira khansa ya m'magazi ndi pamene imaiphonya

Kuyezetsa magazi kumene achipatala amati full blood count, kapena FBC mwachidule, sikulinso kosowa mu Lilongwe. Zipatala zolipira zambiri, kuyambira ku Area 3 mpaka ku Area 25, zili ndi makina ake, ndipo magazi akatengedwa m'mawa, pepala la zotsatira limatuluka dzuwa lisanafike pamutu. Pano tikuunika ntchito imeneyi pa funso limodzi lokha: munthu amene wayamba khansa ya m'magazi yothamanga, ija madokotala amati acute leukaemia, akapita kukayezetsa, kodi matendawo agwidwa? Makinawo amawerenga bwino, pamenepo tilibe nawo mlandu. Koma pamene palibe munthu wopaka dontho la magazi pagalasi n'kuliyang'ana pa maikulosikopu, wodwala walipira ntchito ya theka, ndipo theka losowalo ndi limene limadya masabata amene iyeyo alibe.

Magazi amapangidwa m'mongo, mafuta aja a m'kati mwa mafupa. M'menemo mumachokera zinthu zitatu: maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera amene ambiri timawatcha asilikali a m'thupi, ndi mapulateleti, tizidutswa toundanitsa magazi pabala. Khansayi ikayamba, selo limodzi losakhwima limaleka kukula n'kumangoswana. Maselo osakhwimawo, ma blast, amadzaza mongo ngati kaufiti m'munda wa chimanga, zitatu zija n'kusowa pomerera. Mitundu yake ikuluikulu ndi iwiri. ALL (acute lymphoblastic leukaemia) imachokera kumbali ya ma lymphocyte, gulu limodzi la maselo oyera, ndipo ndiyo yofala mwa ana, makamaka a zaka 2 mpaka 5. AML (acute myeloid leukaemia) imachokera kumbali ya myeloid, imene imabala maselo ena a magazi, ndipo imakonda akuluakulu, ngakhale ana nawonso imawagwira. Yonse iwiri siichedwa. Munthu amene anadya Khirisimasi ali bwinobwino akhoza kukhala ali chigonere February asanathe.

Chovuta n'chakuti matendawa alibe nkhope imodzi. Maselo ofiira akachepa, munthu amangotopa, amachita befu pokwera kamtunda, mtima umagunda ngati wathamanga, zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera. Mwana amasiya kusewera n'kumangofuna kuberekedwa. Asilikali akachepa, thupi limatentha mobwerezabwereza, m'kamwa ndi kukhosi mumabuka zilonda, chithupsa chimakana kupola, chibayo chimatha n'kubweranso. Mapulateleti akachepa, kamfuno sikaleka msanga, nkhama zimatuluka magazi potsuka mano, mayi amasamba mowirikiza kuposa kale, ndipo pathupi pamatuluka mikwingwirima munthu asanagwe kapena kumenyedwa. Pamatulukanso timadontho tofiira, tating'ono ngati polasidwa ndi singano. Pakhungu lakuda timadontho timeneti timabisala, n'chifukwa chake woyeza wodziwa ntchito amatsegula wodwala pakamwa n'kuunika kumwamba kwa m'kamwa, amatembenuza chikope, amayang'ana m'miyendo kumunsi kwa mawondo ndi m'chiuno modutsa lamba kapena lasitiki. Mukatitsindika ndi tambula yagalasi sitizimirira.

Zizindikiro zimenezi n'zosavuta kuzilumikiza ndi magazi. Zosocheretsa ndi zimene zimabwera ma blast akatuluka m'mongo kukakhala kwina. Mwana wa zaka 4 amayamba kutsimphina, kenako amakaniratu kuyenda, usiku amadzuka akulira miyendo, ndipo kunyumba amati ndi nyamakazi kapena wagwa posewera. Wina amatupa mwanabere m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, wosawawa ngakhale mumukanikize. Wina mimba imakula chifukwa kapamba ndi chiwindi zatupa. Pali mtundu wa AML umene umatupitsa nkhama mpaka zimakwera kuphimba mano, ndipo wodwalayo amayambira kwa dokotala wa mano, kumene dzino likazulidwa magazi saleka. Mwa ana ena AML imaunjikana kuseri kwa diso, diso n'kutong'oka. Kuno kwathu chotupa cha kumaso mwa mwana chimatikumbutsa msanga khansa ina yotchedwa Burkitt lymphoma, ndipo kuganiza choncho n'koyenera, koma magazi ake ayang'anidwe ndithu pagalasi. Mnyamata wa ku sekondale akhoza kubwera ndi chifuwa, kupuma molira ngati wa mphumu, kukana kugona chagada, nkhope yotupa m'mawa: ameneyo ali ndi chotupa pakati pa chifuwa, chimene chimabwera ndi ALL yochokera ku ma lymphocyte a mtundu wa T. Tchende limodzi kutupa popanda ululu, mutu wosaleka wodza ndi kusanza, kukamwa kupotokera mbali imodzi, zonsezi zikhoza kukhala khomo loyamba la matenda omwewa.

Ndiye pali malungo, amene ndiwo msampha waukulu m'zipatala zathu. Malungo nawonso amatenthetsa thupi, amachepetsa magazi, amatsitsa mapulateleti, amatupitsa kapamba. Kachipangizo koyezera malungo pachala kamagwira puloteni ya tizilomboto yotchedwa HRP2, imene imatsalira m'magazi kwa masabata angapo tizilombo titafa kale. Motero mwana amene anadwala malungo mwezi watha akhoza kuonetsabe mizere iwiri lero, n'kupatsidwanso LA, pamene chomudwalitsa ndi china. Komanso palibe choletsa munthu kukhala ndi malungo enieni pamodzi ndi khansa. Malungo akachiritsidwa amaonetsa: LA akamwedwa bwino, maulendo 6 m'masiku 3, thupi limazizira pasanathe masiku 2 kapena 3, ndipo mapulateleti amakhala atakwera pofika sabata imodzi kapena masiku 10. Ngati mwana wamaliza LA kachiwiri koma akadali wotumbuluka, akutenthabe, kapena wayamba kamfuno, musalole kuti apatsidwe kachitatu FBC isanachitike.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Magazi a FBC amathiridwa m'kabotolo ka chivindikiro cha pepo, momwe muli mankhwala a EDTA oletsa kuundana. Kwa wamkulu amatenga mamililita 2 mpaka 4 malinga ndi mzere wa pabotolo. Kwa khanda pali timabotolo ta theka la mililita. Akangothira, kabotolo katembenuzidwe pang'onopang'ono ka 8 mpaka ka 10, osati kukhutchumula. Apa ndi pamene zolakwika zoyamba zimalowera, ndipo wodwala angathe kuziona yekha ndi maso. Magazi akachedwa m'jakisoni chifukwa mtsempha wavuta, amayamba kuundana, timibulu timeza mapulateleti, makina n'kuwerenga ochepa kuposa amene alipo. Akatengedwa pamkono umene uli ndi diripi, amasungunuka ndi madzi ndipo zonse zimaoneka zotsika. Akathiridwa ochepa kwambiri m'botolo lalikulu, EDTA imachuluka n'kufwapitsa maselo. Chachinayi ndi nthawi. Zipatala zing'onozing'ono zina zilibe makina, zimasonkhanitsa mabotolo n'kuwatumiza pa njinga yamoto masana. Manambala amapirira maola angapo, koma maonekedwe a maselo sapirira: pakadutsa maola 2 kapena 3, makamaka m'kutentha kwa October, maselo oyera amayamba kuwonongeka, ndipo wowayang'ana amavutika kusiyanitsa blast ndi selo lovunda. Labotale yabwino imapaka galasi magazi akangotengedwa.

Makinawo tiwayamikire pamene ayenera. M'mphindi imodzi amapereka Hb (mlingo wa hemoglobini, chonyamula mpweya m'maselo ofiira), chiwerengero cha maselo oyera ndi cha mapulateleti molondola kuposa kuwerenga kwa pamanja, malinga ngati eni ake amayesamo magazi a control, odziwika kale manambala ake, tsiku ndi tsiku. Koma makina alipo a mitundu iwiri, ndipo mungadziwe amene ayeza magazi anu pongoyang'ana pepala. Ngati pansi pa WBC, chiwerengero cha maselo oyera, pali mizere itatu ya magulu a maselowo, LYM, MID kapena MXD, ndi GRAN kapena NEUT, amenewo ndi makina ogawa patatu. Amasankha maselo potengera kukula kwake basi, ngati sefa. Blast alibe malo akeake mu sefa imeneyi, ndiye amaponyedwa kwa ma lymphocyte kapena ku MID. Makina ogawa pasanu amaonetsa NEU, LYM, MON, EOS ndi BAS, amaunika ndi kuwala m'kati mwa selo, ndipo kawirikawiri amachenjeza. Chenjezolo limabwera ngati kanyenyezi pambali pa nambala, timizere m'malo mwa nambala, kapena mawu monga Blasts? ndi Abn Lympho pakona ya pepala. Apa pali chizolowezi choipa chimene chimaoneka m'malabotale ena: amakopera manambala papepala lawo lokongola la chidindo, machenjezo aja n'kutsala m'makina. Pemphani pepala lotuluka m'makina momwemo.

Ambiri, ngakhale ena ovala zoyera, amakhulupirira kuti khansa ya m'magazi imadziwika ndi WBC yokwera kwambiri. Chikhulupiriro chimenechi chabweza ana ambiri kunyumba. WBC ya munthu wamkulu wathanzi imakhala pakati pa 4 ndi 11, ndipo pafupifupi theka la ana a ALL amafika koyamba ali ndi WBC yosapitirira 10. Choyenera kuyang'ana ndi mizere itatu iyi pamodzi: Hb, maselo oyera ndi mapulateleti. Tiyerekeze pepala la mwana wa zaka 3: Hb 5.8, WBC 6.0, mapulateleti 22, LYM 88%, NEUT 5%. Wothamanga aona WBC yabwinobwino, aona ma lymphocyte ochuluka, akumbukira kuti ana aang'ono amakhala nawo ambiri mwachibadwa, anena kuti ndi kavairasi ndi kuchepa magazi, alemba mapiritsi a ayironi. Wodekha achulukitsa 6.0 ndi 5%, apeza kuti ma neutrophil (NEUT), asilikali olimbana ndi mabakiteriya, ndi 0.3 okha, pamene osafika 0.5 ndi ngozi kale. Aona kuti mapulateleti, amene ayenera kukhala pakati pa 150 ndi 400, ali pa 22. Ayang'ananso MCV, nambala yonena kukula kwa maselo ofiira. Kusowa ayironi kumachepetsa MCV ndipo mapulateleti amakhala abwino kapena okwera. M'khansa MCV imakhala yabwinobwino kapena yokwera pang'ono, mapulateleti ali pansi. Mizere iwiri kapena itatu ikatsika pamodzi, mongo uli pamavuto mpaka zitatsimikizika kuti si choncho. Tisachititse mantha pachabe: Amalawi ambiri athanzi ali ndi ma neutrophil otsikirapo mwachibadwa, 1.0 mpaka 1.5, ndipo ngati Hb ndi mapulateleti zili bwino, munthuyo sakudwala, imeneyo si khansa.

Galasi lija, limene achipatala amati peripheral smear kapena blood film, n'lotsika mtengo kuposa china chilichonse panjira yonseyi. Limafuna kagalasi, methanol, utoto ndi theka la ola la munthu wodziwa. Musalisokoneze ndi galasi la malungo. Pofuna tizilombo ta malungo amaika dontho lochindikala, maselo ofiira amaswedwa dala, ndipo oyera amapindikapindika. Munthu akhoza kulembedwa kuti alibe malungo kasanu popanda amene waona ma blast ali pomwepo. Galasi la FBC ndi lopyapyala. Amaika kadontho kumapeto, amakakoka ndi galasi lina lopendekeka madigiri 30 mpaka 45 kuti kathere ngati nthenga, amaumitsa msanga ndi mphepo, amaviika mu methanol, kenako utoto wa Giemsa, Leishman kapena Wright. Ngakhale madzi osungunulira utoto amasiyana: a malungo amakhala pa pH 7.2, a maselo a magazi pa 6.8, ndipo labotale imene imagwiritsa a malungo pa zonse imatulutsa magalasi obiriwira kwambiri, ovuta kuwerenga. Woyeza amawerenga maselo oyera 100 mmodzimmodzi. Blast amamudziwa ndi phata lalikulu lodzaza pafupifupi selo lonse, losalala, lokhala ndi timaso totuwa m'kati. Akaona timitengo tofiira ngati singano m'mbali mwa selo, totchedwa Auer rods, amadziwa kuti matendawo ndi a kumbali ya myeloid, kawirikawiri AML. Ma blast akafika 20 pa 100 m'magazi kapena m'mongo, ndi acute leukaemia.

Galasi limapulumutsanso anthu amene makina awaopseza pachabe. Khanda la chifuwa chokoka mtima likhoza kukhala ndi ma lymphocyte ochuluka zedi, koma pagalasi ndi aang'ono, okhwima. Mwana wa sickle cell amatulutsa maselo ofiira amene akadali ndi phata, ndipo makina ogawa patatu amawawerenga ngati oyera, WBC n'kuoneka yokwera. Matenda aakulu a mabakiteriya ndi chifuwa chachikulu zimakweza ma neutrophil mpaka kufanana ndi khansa. Mwa anthu ena EDTA imamatiriza mapulateleti m'timagulu, makina n'kunena kuti ndi 30 pamene munthuyo alibe vuto. Woyang'ana galasi amaona timaguluto kumchira, amabwereza ndi botolo la chivindikiro cha buluu, nkhani n'kutha. Ndipo mizere itatu yotsika ili ndi eni ake ena: HIV, Bactrim kapena zidovudine, TB yofalikira m'mongo, kusowa vitamini B12 kapena folate, kapamba wamkulu wa malungo obwerezabwereza, ndi aplastic anaemia pamene mongo wangouma. Koma dziwani ichi: galasi lopanda blast silimasula munthu. WBC ikakhala yotsika kwambiri, ma blast akhoza kukhala atadzaza mongo osatulukira kunja. Lipoti labwino limanena zimene zaoneka n'kulangiza kuyeza mongo. Lipoti la liwu limodzi lakuti normal pansi pa mapulateleti 22 ndi lofunika kulikana.

Choopsa kwambiri panjirayi sichichitikira mu labotale, chimachitikira pakati pa labotale ndi famase. Prednisolone ndi dexamethasone amaperekedwa mosavuta kwa mwana wopuma molira, wotupa mwanabere kapena wowawa mafupa, ndipo ena amagula okha. Mankhwala amenewa ndi mbali ya chithandizo cha ALL chenichenicho, ndiye amapha ma blast ambiri m'masiku ochepa. Mwana amadzuka, amadya, mwanabere amaphwa, banja limayamika Mulungu. Akafika koyeza, galasi layera, mongo sukuonetsa bwino, ndipo madokotala amakakamizika kudikira kuti matenda abwerenso asanayambe chithandizo. Amabweradi, nthawi zina ali ouma mutu kuposa poyamba. Chinanso, maselo ambiri akafera limodzi amatayira potaziyamu ndi uric acid m'magazi, impso zikhoza kutsekeka, mtima n'kuima mwana ali kunyumba. Munthu wa mizere iwiri yotsika asalandire mankhwala a gulu limeneli asanaonedwe ndi oona za khansa, pokhapokha ngati akubanika ndipo dokotala waona kuti moyo uli pachiswe. Asabayidwenso jakisoni wa m'thako, chifukwa magazi amakhuthukira m'mnofu. Diclofenac, Brufen ndi aspirin amafooketsa mapulateleti ochepa otsalawo. Panado ndi wabwino pa ululu, koma yezani kaye kutentha kwa thupi musanamupereke, popeza amakubisa. Kutema mphini ndi kuzula dzino kudikire. Ngati akufunika kuikidwa magazi mwachangu, aikidwe, koma botolo la pepo ndi magalasi zitengedwe thumba la magazi lisanapachikidwe.

Pali zotsatira zimene sizigona m'chikwama kudikira Lolemba. Thupi lotentha kufika 38 pamene ma neutrophil sakufika 0.5 limafuna mankhwala opha mabakiteriya a mumtsempha pasanathe ola limodzi, chifukwa munthu wopanda asilikali amatha kufa usiku umodzi. WBC yopitirira 100 imalimbitsa magazi mpaka kutseka timitsempha ta m'mapapo ndi mu ubongo. Mudzaona kupuma movutika, kusokonezeka mutu kapena kusaona bwino, ndipo wotere saikidwa magazi ambiri nthawi imodzi chifukwa amalimbirako. Mapulateleti osafika 10, kapena ochuluka pang'ono koma munthu akutuluka magazi, ndi za tsiku lomwelo. Amene sangathe kugona chagada anyamulidwe atakhala tsonga, ajambulidwe X-ray ya pachifuwa, ndipo asagonetsedwe tulo ndi mankhwala chithunzicho chisanaonedwe. Wachinyamata amene akuchucha magazi pamene pabayidwa, m'nkhama ndi m'mphuno nthawi imodzi, akhoza kukhala ndi APL, mtundu wa AML umene umasokoneza kuundana kwa magazi. Umapha msanga ndi kukha magazi mu ubongo, komanso ndi umodzi mwa mitundu yochizika bwino kwambiri: mankhwala ake, ATRA, amayambidwa akangoukayikira, osadikira chitsimikizo. Apa pamafunika kuyeza kaundanidwe ka magazi, PT, APTT ndi fibrinogen, m'botolo la buluu lodzazidwa mpaka pamzere.

Labotale yolipira, ngakhale yabwino bwanji, malire ake ndi pagalasi. Chotsatira ndi ku Kamuzu Central Hospital, kumene kumatumizidwa odwala a chigawo chonse chapakati ndiponso kumene kuli chipatala cha khansa cha dziko lino. Kumeneko kuli zinthu ziwiri zimene zinasintha nkhaniyi mu Lilongwe. Mu 2011 chipatalachi pamodzi ndi UNC Project-Malawi chinatsegula labotale ya pathology, younika maselo ndi minofu ya odwala, yokhala ndi njira yoonetsera zithunzi za pa maikulosikopu kwa akatswiri a ku North Carolina kuti akambirane pamodzi zovuta kuzizindikira. Kuyambira 2017 ana a khansa amathandizidwanso kudzera mu Global HOPE, ntchito ya Texas Children's Hospital ndi Baylor College of Medicine. Kalata yotumizira yochokera ku chipatala chaching'ono, kaya ku Kawale, ku Area 18 kapena ku Bwaila, ilembe manambala enieni ndi mawu akuti akukayikira khansa ya m'magazi. Kalata yongoti kuchepa magazi imaika wodwala pamzere wolakwika.

Kuyeza mongo kumaopedwa kuposa mmene kuyenera. Singano silowa pamsana, imalowa pafupa la m'chiuno chakumbuyo, pamene pali timaenje tiwiri pamwamba pa matako, kutali ndi mtsempha woyendetsa miyendo, ndipo sikupundula munthu. Wodwala amagona cham'mbali, amabayidwa lignocaine pakhungu mpaka pafupa, ana amagonetsedwa pang'ono. Choyamba amakoka mongo wamadzi, ndipo pokokapo pamamveka kuwawa kwa masekondi ochepa. Kenako amadula kachidutswa ka fupa kotalika sentimita imodzi kapena awiri. Zonse zimatha m'mphindi 15 mpaka 20. Mapulateleti otsika saletsa kuyezaku, amangotsindika pabalapo nthawi yotalikirapo. Nthawi zina singano imatuluka youma chifukwa ma blast athinana kwambiri. Pamenepo kachidutswa kaja ndiko kamapulumutsa, amakagubuduza pagalasi asanakaike mu formalin. Mongo wamadzi umawerengeka msanga. Kachidutswa ka fupa kamafuna masiku angapo kuti kafewetsedwe kasanadulidwe, kenako kapakidwe mankhwala osiyanitsa mitundu: MPO ndi CD117 amaloza ku AML, TdT ndi CD19 ku ALL ya mtundu wa B, CD3 ku ya mtundu wa T. Kudikira kumeneku kumawawa, koma si ulesi wa wina. ALL ndi AML zimachizidwa mosiyana kotheratu, ndipo maso okha amatha kulakwitsa pakati pa ziwirizi. Flow cytometry, njira yosiyanitsa maselo ndi makina, imachita ntchito yomweyi mofulumira, koma imafuna magazi kapena mongo wosapitirira tsiku limodzi kapena awiri. Mwa akuluakulu a ALL, pafupifupi mmodzi mwa anayi ali ndi chosintha china m'maselo a khansawo chotchedwa Philadelphia chromosome, ndipo kuidziwa n'kofunika chifukwa imatsegula khomo la mapiritsi a imatinib.

Kuchotsa madzi a pamsana ndi nkhani ina, ndipo mabanja ambiri amakana chifukwa anamva kuti wakutiwakuti anamwalira atachotsedwa. Amene amachotsedwa madziwa nthawi zambiri amakhala atadwalika kale. Chimawapha ndi matenda, osati singano. Mu ALL kuyezaku sikungalumphidwe, chifukwa ma blast amabisala m'madzi ozungulira ubongo kumene mankhwala a mumtsempha safika bwino. Koma sikuchitika mothamanga ku chipatala chaching'ono. Kumachitika kwa oona za khansa, mapulateleti atakwezedwa, ndipo singano yomweyo imalowetsa mankhwala oyamba. Pamodzi ndi zimenezi amayeza impso, potaziyamu, uric acid, LDH, HIV, hepatitis B ndi gulu la magazi, n'kuyambitsa madzi ambiri a m'diripi ndi allopurinol kuteteza impso.

Masabata oyambawa amadya magazi ambiri. Mapulateleti ochokera ku Malawi Blood Transfusion Service amakhala masiku 5 okha, sasungidwa mufiriji, amafuna kugwedezedwa mosalekeza, ndiye sangaunjikidwe. Magazi ambiri m'dziko muno amaperekedwa ndi ana a sukulu, ndipo sukulu zikatsekera amachepa. Abale amene akufunsa kuti tithandize bwanji apite akapereke magazi. M'maiko olemera ana pafupifupi 9 mwa 10 a ALL amachira. Kuno sitinafikepo, ndipo cholinga chimene WHO inakhazikitsa mu 2018 ndi chakuti pofika 2030 ana 60 pa 100 a khansa azichira padziko lonse. Kufika mochedwa ndi kufika atamwa kale prednisolone ndi zina mwa zimene zimatibweza m'mbuyo, ndipo zonsezo zimachitika wodwala asanaone geti la Central.

Kodi FBC yolipira ndi yoyenera ndalama zake? Inde, kwa aliyense wotumbuluka amene thupi likutentha mopitirira sabata, wotuluka magazi popanda chifukwa, kapena mwana wokana kuyenda: ndi njira yachangu yodziwira ngati mongo uli pamavuto. Koma musanalipire, funsani pawindo ngati makina awo amagawa patatu kapena pasanu, ngati amapaka galasi pomwepo makina akachenjeza, ndiponso amene amaliwerenga. Labotale imene iyankha kuti makina athu amaona zonse ndi yoyezerako Hb ya amayi apakati, osati mwana wa kamfuno. Imene ili ndi chizolowezi choimbira dokotala foni ikaona mapulateleti 22, m'malo mopinda pepala n'kuliika mu envelopu, ndiyo yofunika kubwererako ngakhale itakwera mtengo pang'ono.

Popita ku Central tengani buku la kuchipatala, mapepala onse a FBC ngakhale akale, chifukwa kutsika kwa manambala pakati pa masabata awiri kumanena zambiri kuposa pepala limodzi, ndi mapaketi a mankhwala onse amene wodwala wamwa, a kufamase ndi a kwa sing'anga omwe. Ngati wamwa prednisolone, nenani tsiku limene anayamba ndi limene anasiya. Palibe amene akudzudzuleni, koma zimasintha kawerengedwe ka mongo. Pemphaninso labotale ikupatseni magalasi awiri kapena atatu opakidwa tsiku loyamba lija, limodzi la utoto, enawo ongoviikidwa mu methanol, dzina ndi tsiku zitalembedwa ndi pensulo kumbali yokhakhala popeza inki imasungunuka mu methanol. Akulungidwe lililonse palokha m'kapepala kofewa, aikidwe m'kabokosi kotsekeka. Ntchentche ndi nyerere zimanyambita magazi a pagalasi losavindikira m'mphindi zochepa, n'kusiya timabowo pamchira pomwe ma blast amakonda kusonkhana.